Unduna Woona za Amayi: Unachokera Kuti, Nanga Ngwa Yani?

Nkhani iyi yakonzedwa kuti aphunzitsi ndi ena odziwa kuwerenga akawerengere anzawo pa mabwalo a mafumu, pa misonkhano ya makolo ku sukulu ndi m'magulu a amayi.



Anthu ambiri a m'midzi akamva za Unduna woona za amayi, maganizo awo amathamangira ku nsalu za chipani, ku magule a pa bwalo la ndege ndi ku malole onyamula akazi kunka nawo ku misonkhano ya ndale. Ena amati zimenezo nza akazi ophunzira a m'tauni. Abambo ena amati Unduna umenewu unadza kudzapasula mabanja a eni. Chifukwa cha maganizo otere, mayi wamasiye amene alamu ake amlanda malata ndi mbuzi amangokhala chete, poyesa kuti ku ofesi ya Boma sakamumvera pakuti pa chisankho iye anavala nsalu ya chipani chimene chinagwa. Mayi ameneyo ali kutaya chuma cha ana ake chifukwa chosadziwa. Tsono nkhani ino ifotokoza kumene Undunawu unachokera, chifukwa chake anthu amausokoneza ndi chipani, ndiponso chithandizo chimene munthu wa kumudzi angapeze kumeneko.

KODI UNDUNA NCHIYANI?

Mfumu ya nzeru sisenza yokha ntchito zonse za m'mudzi. Iri ndi nduna zake: wina amayang'anira za kumanda, wina za malire a minda, wina amaitana anthu ku bwalo. Boma nalonso limagawa ntchito zake chomwecho. Pali Unduna wa Zaumoyo, wa Zamaphunziro, wa Zaulimi, ndipo pali wina umene unapatsidwa ntchito yoyang'anira za amayi, za ana ndi za umoyo wa mabanja osauka. Likulu lake liri ku Lilongwe, koma antchito ake amapezeka pa boma liri lonse.

Pamwamba pa Unduna pamakhala Nduna. Nduna imasankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo iye angathe kuichotsa tsiku liri lonse. Ndiye kuti Nduna ndi munthu wa ndale. Koma pansi pa Nduna pali Mlembi Wamkulu, akulu a maofesi, alangizi ndi makalaliki. Amenewa ndi antchito a Boma. Chipani cholamula chikagwa pa chisankho, Nduna imachoka, koma mlangizi wa m'dera lanu amatsala pa ntchito yake, ndipo mabuku ndi malamulo amatsala naye. Malipiro ake amachokera ku misonkho imene Nyumba ya Malamulo imagawa chaka ndi chaka. Munthu akamagula chitenje ku sitolo kapena mayunitsi a foni, msonkho umadulidwa popanda wina kumfunsa chipani chake. Chotero chithandizo cha Unduna nchake cha mayi ali yense wa m'Malawi.

Nanga chisokonezo chinadza bwanji? Yankho lake liri m'mbiri ya dziko lino.

AKAZI PA NKHONDO YA UFULU

Akazi a dziko lino sanayambe ndale ndi kuvina iai. Pa nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Mayi Rose Chibambo, wochokera ku Mzimba, anasonkhanitsa akazi anzake kuti nawonso akane Chitaganya pamodzi ndi amuna a m'chipani cha Nyasaland African Congress. Mu March 1959, pamene Boma la atsamunda linali kugwira atsogoleri a Congress, iye anamangidwa atangobereka kumene, ndipo anapita ku ndende ndi khanda m'manja. Dziko litayamba kudzilamulira, anakhala mayi woyamba kupatsidwa udindo wa wachiwiri kwa Nduna. Koma udindowo sunakhalitse. M'chaka cha 1964 kunabuka mkangano pakati pa Dr. Kamuzu Banda ndi nduna zake zina, Mayi Chibambo anachotsedwa, ndipo pambuyo pake anathawira ku Zambia. Anakhala kumeneko zaka pafupifupi 30 asanabwerere kwawo. Anamwalira m'chaka cha 2016. Nkhope imene inaikidwa pa ndalama ya pepala ya K200 ndi yake.

NTHAWI YA MBUMBA

Kuchokera pamenepo nkhani za akazi zinalowa m'manja mwa chipani chimodzi chimene chinalipo, cha Malawi Congress Party. Dr. Banda anatenga mawu awiri a mwambo wa Achewa amene munthu ali yense wa kumudzi amawadziwa. Pa mwambo, mbumba ndi alongo a munthu pamodzi ndi ana awo, ndipo nkhoswe ndiye mwamuna wa pa mtundu amene amawaimira pa ukwati ndi pa milandu. Dr. Banda anadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo akazi onse a m'dziko anawatcha mbumba yake.

Zimenezi zinali ndi mbali ziwiri. Amuna ena analeka kumenya akazi awo poopa kunenezedwa ku chipani, ndipo atsogoleri ena a mbumba anamangiridwa nyumba, ena anakwera ndege kukaona maiko a kunja. Koma mbali yinayo inali yolemera. Akazi anali kusiya minda, ana ndi makalasi kuti akaphunzire nyimbo ndi kukavina kumene Pulezidenti anali kupita, ndipo kukana kunali koopsa. M'chaka cha 1973 kunakhazikitsidwa lamulo loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Ndiponso, pa mwambo womwewo, mbumba siidziyankhulira yokha pa bwalo. Amaiyankhulira ndi nkhoswe. Mayi amene anali ndi dandaulo anayenera kudzera ku chipani, ndipo chimene analandira chinali ngati mphatso ya mtsogoleri.

Ku mbali ya Boma, ntchito ya akazi pa zaka zimenezo inali makamaka maphunziro a zapakhomo: kuphika, kusoka, kuluka, ukhondo ndi kulera ana. Alangizi ambiri a ntchito imeneyi anaphunzira ku Magomero, m'boma la Chiradzulu. Maphunzirowo anali abwino, koma sanakhudze funso lakuti munda ngwa yani, kapena katundu apita kwa yani mwamuna akamwalira.

MMENE UNDUNA UNABADWIRA

Kunja kwa dziko lino zinthu zinali kuyenda. M'chaka cha 1975 bungwe la United Nations linachititsa msonkhano waukulu wa akazi ku Mexico, ndipo linapatula zaka khumi, kuyambira 1976 kufikira 1985, kuti maiko aganizire za akazi. Msonkhano wotsekera zaka zimenezo unachitikira ku Nairobi, m'dziko la Kenya. Chimodzi mwa zimene maiko analimbikitsidwa kuchita chinali chakuti Boma liri lonse likhale ndi ofesi yakeyake yoyang'anira za akazi.

Boma la Malawi linayankha m'njira ziwiri. M'chaka cha 1984 linakhazikitsa bungwe la Boma loona za akazi pa chitukuko, lotchedwa National Commission on Women in Development. Chaka chotsatira, 1985, kunabadwa Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, chimene anthu anachidziwa ndi dzina lakuti CCAM, motsogozedwa ndi Mama Cecilia Kadzamira. CCAM inalima minda, inasoka zovala ndi kuthandiza odwala ndi osauka, koma inali kuyenda limodzi ndi chipani, ndipo ndiyo inali kumveka kwambiri kuposa bungwe la Boma lija. Apa ndi pamene anthu anazolowera kuganiza kuti chitukuko cha amayi ndi chipani ndi chinthu chimodzi.

M'chaka cha 1987 Malawi anavomereza pangano la maiko lothetsa tsankho liri lonse lochitira akazi. Ndipo m'chaka cha 1992, chaka chomwe mabishopu a Katolika analemba kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, mawu akuti amayi ndi ana analowa m'dzina la Unduna wa Boma. Mu June 1993 anthu anavotera zipani zambiri, mu May 1994 kunachitika chisankho, ndipo dziko linalandira malamulo aakulu atsopano.

Gawo 24 la malamulo aakuluwo ndilo mwala wa maziko a ntchito yonse ya Undunawu. Limanena kuti mkazi ayenera kutetezedwa ndi lamulo mofanana ndi mwamuna, kaya ngwokwatiwa kaya ngwosakwatiwa. Kuti angathe kukhala ndi katundu wakewake. Kuti ukwati ukatha katundu amene anapezera limodzi agawidwe mwachilungamo. Ndiponso kuti pakhale malamulo othetsa miyambo yozunza akazi ndi yowalanda chuma cha masiye. Kusiyana kwake nkumeneku: kale mayi anali kupempha chifundo kwa nkhoswe, koma kuyambira 1994 ali ndi ufulu wolembedwa umene angathe kuuitanitsa yekha ku khoti.

Pambuyo pa msonkhano wina waukulu wa akazi ku Beijing m'chaka cha 1995, kunafala mawu akuti jenda, ndipo ambiri anayamba kuutcha Unduna wa Jenda. Mawu amenewa avutitsa anthu. Ena amayesa kuti jenda ndiye kuti mkazi azilamula mwamuna. Si choncho. Tanthauzo lake ndi kuyang'ana mmene ntchito, chuma ndi ulamuliro zagawidwira pakati pa amuna ndi akazi, ndi kukonza pamene pakhota. Mwamuna amene ali kuzunzidwa m'banja nayenso ali ndi malo pa ofesi imeneyi.

MALAMULO ANAYI OYENERA KUWADZIWA

Unduna sunagwire ntchito wokha. Mabungwe a amayi, bungwe lounika malamulo la Law Commission, mipingo, mafumu ndi aphungu a zipani zosiyanasiyana anakokera chingwe chimodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mwa malamulo amene anatuluka, anayi awa ndiwo akhudza kwambiri anthu a m'midzi.

Loyamba ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja, la chaka cha 2006. Linadutsa m'Nyumba ya Malamulo pamene Mayi Joyce Banda anali Nduna ya Undunawu. Lamuloli limalola khoti la majisitireti kulemba chikalata choletsa munthu wankhanza kupitiriza nkhanza zake, ngakhale kumlamula kuti ayambe wachoka pa nyumba. Nkhanza si kumenya kokha iai. Kuopseza, kutukwana kosalekeza ndi kumana banja chithandizo ziri m'gulu lomwelo.

Lachiwiri ndi lamulo la chuma cha masiye, la chaka cha 2011. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake wotsala pamodzi ndi ana. Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo wolanda angathe kulipitsidwa ndi kumangidwa. Lamuloli limagwira ntchito ku chikamwini, ku chitengwa ndi kumene amalowola, chimodzimodzi.

Lachitatu ndi lamulo lakuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, la chaka cha 2013. Limaletsa miyambo yoika moyo ndi ulemu wa munthu pa chiswe, limaletsa kuvutitsa munthu pofuna kugona naye ku ntchito, ndiponso limati polemba anthu ntchito za Boma, amuna kapena akazi asachepere 40 ndipo asapitirire 60 pa anthu 100 ali onse.

Lachinayi ndi lamulo la maukwati, la chaka cha 2015, limene linati munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Poyamba panali mpata, pakuti malamulo aakulu anali kulola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Mu February 2017 Nyumba ya Malamulo inatseka mpata umenewo. Vutoli linali lalikulu: kafukufuku wa Boma wa zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa akazi 100 ali onse a zaka 20 kufikira 24, okwana 42 anali atakwatiwa asanafike zaka 18. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka m'dziko muno ndi kunja komwe chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera ku sukulu, ndipo inaonetsa kuti mwambo ndi lamulo zingathe kuyenda limodzi mfumu ikafuna.

NTCHITO ZINA ZA M'MIDZI

Pambali pa malamulo, Undunawu wakhala ukuyang'anira sukulu za mkombaphala, kumene ana aang'ono amaphunzira asanayambe Sitandade 1, ndiponso ntchito yoteteza ana amasiye ndi ana ozunzidwa. Alangizi a zachitukuko athandiza magulu a banki m'khonde ndi sukulu za kwacha zophunzitsa akulu kulemba ndi kuwerenga.

Palinso Mtukula Pakhomo. Ntchito imeneyi inayamba mongoyesa m'boma la Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28. Cholinga chake ndi kupereka ndalama pang'ono kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, monga agogo olera adzukulu amasiye. Ndalama zake zambiri zakhala zikuchokera kwa maiko ndi mabungwe othandiza, zina ku Boma. Si ndalama za phungu, si za khansala, ndiponso si za chipani. Munthu akakuuzani kuti dzina lanu lifafanizidwa mukapanda kumvotera, ameneyo ali kukunamizani, ndipo nkhaniyo muyenera kukainena ku ofesi ya Bwanamkubwa.

PAMENE NDALE ZIKADAPINGA

Si bwino kubisa kuti njira ikadali yaitali. Zipani zitachuluka m'chaka cha 1994, kuvina kwa akazi pa misonkhano sikunathe. Nsalu zokha ndizo zinasintha mtundu, ndipo chipani chiri chonse chinakhala ndi gulu lake la amayi. Kuvina si kulakwa munthu akavina mwa kufuna kwake. Cholakwa nchakuti ovina amachuluka pa bwalo, koma pa mipando yopangira malamulo amachepa.

Kukwera kulipo ndithu. Mayi Joyce Banda anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa Pulezidenti m'chaka cha 2009, ndipo mu April 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira, anakhala Pulezidenti woyamba wamkazi wa dziko lino kufikira 2014. Mayi Anastasia Msosa anakhala mkulu wa makhoti onse m'chaka cha 2013. Mayi Catherine Gotani Hara anakhala Sipikala woyamba wamkazi m'chaka cha 2019, ndipo m'chaka cha 2025 Dr. Jane Ansah anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa Pulezidenti. Koma m'Nyumba ya Malamulo chiwerengero chakhala chikukwera ndi kutsika. Unduna ndi mabungwe anayambitsa kampeni ya 50:50, ndipo pa chisankho cha 2009 akazi oposa 40 anapambana pa mipando 193. Pa chisankho cha 2014 anatsika kufika pa 32. M'chaka cha 2020 magulu a amayi anayenda m'misewu kudandaula kuti posankha anthu m'maudindo a mabungwe a Boma, lamulo la 2013 lija silinatsatidwe.

Undunawo nawo umakhudzidwa ndi kusintha kwa ndale. Dzina lake lasintha kangapo: nthawi zina mumaikidwa achinyamata, nthawi zina olumala ndi okalamba, nthawi zina chitukuko cha m'midzi. Nduna zabwera ndi kupita. Ndalama zimene umalandira nzochepa poyerekeza ndi ntchito yake, kotero kuti mlangizi mmodzi amayang'anira midzi yambiri, ndipo sangafike pa khomo liri lonse. Chifukwa chake lamulo silingayende lokha kuchoka ku Lilongwe kukafika pa mudzi. Liyenera kunyamulidwa ndi anthu a pa mudzipo.

ZIMENE ALI YENSE ANGACHITE

Taganiziraninso za mayi wamasiye uja. Maliro atatha, abale a mwamuna abwera ndi ngolo kudzatenga malata, njinga ndi mbuzi. Choyamba iye akadziwitse amfumu, pamaso pa mboni, ndipo wina wodziwa kulemba alembe katundu yense amene watengedwa ndi tsiku lake. Zikakanika pa mudzi, apite ku polisi, kumene kuli chipinda chothandiza anthu ozunzidwa, kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma. Ofesi ya Bwanamkubwa imathandizanso pa nkhani za chuma cha masiye. Kumeneko sadzafunsidwa khadi la chipani. Adzafunsidwa dzina la malemu, maina a ana ndi katundu amene watengedwa.

Abambo, lembani wilo mukadali ndi mphamvu. Kulemba wilo si kudziitanira imfa. Ndi kutchinjiriza ana anu kuti asadzagone panja.

Aphunzitsi, mtsikana akajomba masabata awiri musangodula dzina lake m'kaundula. Funsani kwa makolo, dziwitsani komiti ya sukulu ndi gulu la amayi a pa sukulupo, ndipo mukamva za ukwati dziwitsani amfumu ndi woteteza ana wa m'dera lanu. Mtsikana amene wabereka ali ndi mwayi wobwerera m'kalasi. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafumu, milandu ya malire ndi ya kusamvana kwa m'banja ndi yanu, ndipo palibe amene ali kukulandani. Koma mlandu wa kugwirira, wa kugona ndi mwana kapena wa kuvulaza munthu suthera pa nkhuku kapena mbuzi. Umenewo utumizeni ku polisi.

Amayi, valani nsalu ya chipani chimene mukonda, pakuti ufulu umenewo anauvutikira ndi akazi anzanu. Koma pa tsiku la mavuto musakhale pansi kudikira kuti chipani chanu chidzalowe m'boma. Phungu akadza kudzapempha voti, mfunseni zimene adzachite kuti alangizi achuluke ndi kuti malamulo anayi aja atsatidwe m'dera lanu. Ndipo mayi wa pakati panu akafuna kuima pa ukhansala kapena pa uphungu, mumuweruze ndi nzeru zake ndi ntchito zake monga mukanamuweruzira mwamuna.

Amene ali ndi mafunso pa nkhani imeneyi akaonane ndi mlangizi wa m'dera lawo, kapena apite ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma lawo. Kufunsa nkwaulere, ndipo safunsa anadya phula.